Mchere, Chidulo ndi Mtima wa Munthu

Ana inu a m'masukulu a ku Chipata, Chadiza, Katete, Lundazi ndi kwina konse kumene mau awa afika, pamodzi ndi inu aphunzitsi ao, nkhani yathu ya lero iyambira pa kanthu kamene kali m'nyumba iliyonse. Mukafika kwanu madzulo ano, kayang'aneni pafupi ndi mafuwa kapena pambali pa mbaula, ndipo mukapeza kachitini kapena kabotolo ka mchere. Palibe mai amene angalole kupereka ndiwo zosakolera mchere, pakuti mlendo wopatsidwa ndiwo zotere amadya mwaulemu, koma nsima saimaliza. Mchere tiukonda tonse. Koma lero tifuna kudziwa chimene umachita ukalowa m'thupi, ndiponso ngati chilipo china chimene chingatenge malo ake.

Nkhaniyi si yamasewera ai. Mwina m'mudzi mwanu muli bambo kapena agogo amene tsiku lina anadzuka bwinobwino napita kumunda, koma anabwerako atagonekedwa m'ngolo, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zitafa, pakamwa patapotoka, mau osatuluka. Ena amati munthuyo walodzedwa. A chipatala amati ndi sitiroko, ndiko kuti mtsempha wa magazi waphulika kapena watsekeka m'bongo, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi. M'chaka cha 2017 a Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, anapima anthu a zaka 18 mpaka 69 m'zigawo zonse za Zambia. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse ali ndi nthendayi, ndi kuti munthu wamkulu amadya mchere wopitirira magalamu 9 pa tsiku. Muyezo umene a WHO alangiza ndi wosafika magalamu 5, ndiwo mchere wodzaza kasupuni ka tiyi kamodzi popanda kuunjika. Mwaona tsono kuti tikudya pafupifupi kuwirikiza kawiri.

Kuti timvetse mmene mchere ufikira ku mtima, tiyeni tibwereke njinga. Inu a ku Chipata njinga muidziwa bwino, pakuti ndiyo inyamula makala, matumba a chimanga ndi anthu omwe kuchokera ku Kapata kufika ku Mchini. Taganizani za pampu ndi chubu. Mtima ndiwo pampu ya mnofu, yaikulu ngati nkhonya ya mwini wake, ndipo umagunda pafupifupi ka 70 pa mphindi imodzi, usana ndi usiku, osapumula. Ukagunda, umakankha magazi m'mitsempha kuti afike ku mutu, ku matumbo, mpaka ku chala cha kuphazi. Chubu chopopedwa pa muyezo wake chimayenda ulendo wautali. Koma mukapitiriza kupopa chitalimba kale, dzanja lanu limalema, ndipo tsiku lina chubucho chimaphulikira pamene pali pofooka. Chimodzimodzi m'thupi: mtima umatopa ndi kukula mosayenera, mitsempha imauma, ndipo timitsempha tating'ono ta m'bongo, ta m'maso ndi ta mu impso ndito timayamba kuonongeka.

Timati kuthamanga kwa magazi, ena amangoti BP, koma kunena zoona magaziwo sathamanga ngati mwana wothawa mkwapulo. Chimene achita ndicho kukankha makoma a mitsempha ndi mphamvu yopitirira. Namwino akamanga lamba pamkono amawerenga manambala awiri. Loyamba lisonyeza mphamvuyo pamene mtima wagunda, lachiwiri pamene wapuma. Kwa munthu wamkulu 120 ndi 80 ndi zabwino. Zikamafika 140 ndi 90, kapena kupitirira, pa masiku osiyana, ndiye kuti nthenda ilipo. Choopsa chake ndi chakuti munthu angakhale nayo zaka zambiri osamva kuwawa paliponse, akulima, akuseka, akubvina.

Nanga mchere ulowapo bwanji? Mchere wathu ndi zinthu ziwiri zolumikizana, ndipo chimene chitikhudza lero ndi sodiyamu. M'magalamu 5 a mchere muli magalamu 2 a sodiyamu. Thupi lifuna sodiyamu wochepa kuti mitsempha yomvera ndi minofu zigwire nchito, koma khalidwe lake ndi lokoka madzi. Dulani phwetekere kapena nkhaka, muwazepo mchere, ndipo patapita kanthawi mudzaona madzi atatuluka. Mukumbukanso ludzu limene limakugwirani mukadya kapenta wa mchere. Sodiyamu akachuluka m'magazi, thupi limasunga madzi ambiri, magazi amachuluka m'mitsempha, ndipo chubu chija chimalimba. Impso ndizo zimataya sodiyamu wotsala mu mkodzo, koma zikasenzetsedwa katundu wolemera chaka ndi chaka, zimalephera kumaliza nchito.

Tsono sodiyamu ali ndi mnzake womuletsa, dzina lake potaziyamu. Ana a alimi, dzinali musaliyese lachilendo. Pa thumba la feteleza wa D mumaona manambala atatu, 10, 20 ndi 10. Nambala yachitatuyo, yoimiridwa ndi chilembo cha K, ndiyo ya potaziyamu. Wa m'thumbayo ndi chakudya cha mbeu, osati cha munthu, ndipo musayerekeze kumulawa. Mbeu imamutenga m'nthaka ndi kumusunga m'masamba, m'mapesi ndi m'zipatso, ndipo ife timamulandira tikadya zomerazo. M'thupi amathandiza impso kutaya sodiyamu ndiponso amafewetsa makoma a mitsempha, kotero kuti mphamvu ya magazi imatsika. A WHO amati munthu wamkulu ayenera kulandira magalamu atatu ndi theka a potaziyamu pa tsiku kuchokera m'zakudya. Bvuto la masiku ano ndi lakuti sodiyamu wakwera ndipo potaziyamu watsika, makamaka m'tauni, mmene buledi, soseji, timakyubu tokometsera ndiwo ndi tokhwasula ta m'mapaketi zayamba kulanda malo a nyemba ndi masamba.

Pano ndifuna tibwerere m'mbuyo, kwa agogo a agogo athu.

Dera lathu lino lili kutali ndi nyanja yamchere, ndipo kale mchere unali chuma. Unali kunyamulidwa pamutu maulendo a masiku ambiri, ndipo anthu anali kusinthanitsa ndi makasu, mbuzi ndi nsalu. Kumene nthaka ili ndi mchere anthu anali kuupanga okha. Ku Kaputa, pafupi ndi Mweru Wantipa, ndiponso m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ku Malawi, anali kukokola dothi, kutsirapo madzi, ndi kuphika madzi odonthawo mpaka ataphwa. Ku Chibwa, kufupi ndi Mpika, anali kutentha udzu womera pa dambo la mchere ndi kusefa phulusa lake. Ngakhale m'chigwa chathu cha Luangwa, ku Nsefu, muli akasupe otentha a Chichele, kumene nyama zimapita kukanyambita nthaka. Koma mai wamba wokhala kutali ndi malo otere analibe mchere wotapa ndi dzanja lonse. Anali kuutsina ndi zala, ndipo masiku ena unali kusoweratu. Chimene sichinali kusowa pakhomo pake ndicho phulusa.

Funsani agogo anu aakazi mmene amatchezera chidulo, ndipo adzakuuzani mokondwa. Amatola zitsononkho za chimanga, makoko a nyemba kapena a nsawa, makoko ouma a nthochi, kapena mapesi, nazitentha pa malo oyera mpaka zitasanduka phulusa. Phulusalo amaliika m'phale kapena m'chitini chobooledwa kunsi, atayala udzu pang'ono, natsirapo madzi. Madziwo amadontha pang'onopang'ono kugwera m'mbale ina, ofiirira, oterera pa zala, owawa pa lilime. Chimenecho ndicho chidulo, chophikira therere, chofewetsera chigwada ndi mfutso, ndiponso chokoleretsa ndiwo pamene mchere wasowa. Chimene agogo sanali kuchitchula ndi dzina ndi ichi: moto umatha zambiri za m'chomera, koma potaziyamu satha, amatsala m'phulusa, ndipo madzi amamusungunula. Azungu naonso kale anali kutcheza phulusa ndi kuphika madzi ake m'miphika. Katswiri wina wa ku England, Humphry Davy, ndiye analekanitsa potaziyamu kwa nthawi yoyamba m'chaka cha 1807, namutcha dzina lochokera ku mau ao awiri otanthauza mphika ndi phulusa. Choncho dzina limene liwoneka lobvuta m'buku la sayansi lingonena za chidulo cha agogo.

Lero mchere ndi wotchipa. Wambiri umene tigula m'Zambia umabwera ndi malole kuchokera ku Sua Pan ku Botswana ndi ku Walvis Bay ku Namibia, ndipo mai akhoza kuutapa mosawerengera. Chidulonso chalowedwa m'malo ndi soda wa m'kapaketi, pakuti soda safuna kusonkha moto ndi kudikira madzi kuti adonthe. Koma taonani chimene chachitika mumphika wa therere. Chidulo chinali kubweretsa potaziyamu. Soda amabweretsa sodiyamu, pakuti kupitirira gawo limodzi mwa magawo anai a kulemera kwake ndi sodiyamu yemwe uja. Tsono mai akathira soda, nathiranso mchere, nawonjeza kakyubu, wathira sodiyamu katatu mumphika umodzi.

Kodi tinene kuti chidulo ndicho mankhwala a mtima? Iai, ndipo aphunzitsi muonetsetse kuti ana asapite kunyumba ndi maganizo amenewo. Chidulo chilibe muyezo: cha lero chikhoza kukhala chaukali, cha mawa chamadzi. Chidulo ndi soda yemwe zimaononga mavitamini ena a m'masamba, makamaka vitamini C, kotero kuti si bwino kuzithira m'ndiwo zilizonse. Phulusa la pa dzala, mmene mwapsera mapulasitiki, mabatire kapena matabwa opaka utoto, ndi poizoni. Chidulo chikhale cha therere ndi masamba olimba, chochepa, cha phulusa loyera la zomera. Si chakumwa, ndipo sichilowa m'malo mwa mapiritsi a ku chipatala.

Komabe nzeru imene ili m'chidulo, yoika potaziyamu pamene panali sodiyamu, akatswiri anaitenga naiyesa ndi sikelo. Anapanga mchere wosakaniza: magawo atatu mchere wamba, gawo limodzi mchere wa potaziyamu. Maonekedwe ake ndi amodzimodzi, ndipo ambiri akaulawa m'ndiwo sazindikira kusiyana. Kuyesa kwakukulu kunachitika m'midzi 600 ya kumpoto kwa China, motsogozedwa ndi Bruce Neal wa ku George Institute ku Australia pamodzi ndi anzake a ku China. Anatenga anthu 20,995, amene anadwalapo kale sitiroko kapena okalamba a zaka 60 kupita mtsogolo odwala kuthamanga kwa magazi. Theka la midzi linapatsidwa mchere wosakanizawo, theka linapitiriza ndi mchere wamba, ndipo anawatsata pafupifupi zaka zisanu. Zotsatira zinalengezedwa m'chaka cha 2021. Kuti muzimve msanga, tiziike motere: pamene m'midzi ya mchere wamba munagwa anthu 100 ndi sitiroko, m'midzi inayo munagwa 86, pamene kuno kunafa anthu 100, uko kunafa 88. Kusiyanako mungakuyese kochepa, koma muwerenge ndi midzi yonse ya kwa Mpezeni, kwa Kalindawalo ndi kwa Gawa Undi, ndipo mudzaona maliro amene akanalephereka. Anthuwo sanasinthe ndiwo zao kapena kaphikidwe kao. Anangosintha za m'kachitini.

Chifukwa cha umboni wotere, mu Januwale 2025 a WHO analangiza kuti anthu aakulu amene amathira mchere m'zakudya akhoza kusiya mchere wamba ndi kutenga wa potaziyamu. Koma malangizowo ali ndi malire, ndipo malirewo muwagwire bwino. Sakhudza ana, ndiye kuti inu. Sakhudza amai apakati. Ndiponso sakhudza anthu odwala impso. Impso zodwala sizitha kutaya potaziyamu wotsala, ndipo iye akaunjikana m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima, mwina mpaka kuuimitsa. Mankhwala ena a BP, monga enalapril, losartan ndi spironolactone, amachititsanso thupi kusunga potaziyamu. Choncho munthu amene akumwa mankhwala, kapena wodwala shuga kwa zaka zambiri, afunse adokotala asanagule mchere umenewu. Tiwonjezenso kuti mtengo wake ndi wokwera kuposa wa mchere wamba, ndipo m'kantini ya kumudzi simuupeza kawirikawiri.

Pali mchere wina umene ndifuna muuchenjerere, chifukwa dzina lake limakoma m'khutu. M'masitolo aakulu a m'tauni mumapezeka timabotolo ta mchere wofiirira wotchedwa wa ku Himalaya, ndipo ogulitsa amati uli ndi michere yambirimbiri ya m'nthaka yothandiza thupi. Mchere umenewu umakumbidwa ku Khewra m'dziko la Pakistan. Pa magawo 100 alionse, pafupifupi 98 ndi mchere wamba. Kufiirako ndi ka dzimbiri kochepa ka chitsulo. Michere inayo ilimodi, koma ndi yochepa kwambiri, kotero kuti munthu wofuna kupindula nayo ayenera kudya mchere wochuluka moti ungamubvulaze asanaone phindulo. Chimodzimodzi mchere wa m'nyanja ndi mchere wamiyala wa pamsika: maso aona kusiyana, koma mtima ulandira sodiyamu yemweyo. Munthu wogula kabotolo kotere namathira mowolowa manja poganiza kuti ndi mankhwala, wataya ndalama nawonjeza nthenda.

Ndiponso mchere wotere kawirikawiri ulibe ayodini, ndipo apa mpamene nkhani ifika pa inu ana. Nthaka ya kumtunda kuno, kutali ndi nyanja, ili ndi ayodini wochepa. Munthu akamusowa amatupa pakhosi, nthenda ija ya chithokomiro, ndipo mwana wobadwa kwa mai womusowa akhoza kukhala wobvutika kuphunzira moyo wake wonse. Chifukwa chake lamulo la Zambia lifuna kuti mchere wogulitsidwa kuti anthu adye ukhale wothiridwa ayodini. Chidulo chilibe ayodini wokwanira, mchere wa ku dambo ulibenso. Kuchepetsa mchere si kuutaya ai: mchere ukhale wochepa, koma wochepawo ukhale wa ayodini, wosungidwa m'chitini chobvundikira, kutali ndi chinyezi ndi moto.

Nanga potaziyamu wa banja lonse, wa ana ndi akulu omwe, achokere kuti? Ali kale kudimba ndi m'nkhokwe. Magalamu 100 a nyemba zouma, zonga zija za ku Lundazi, ali ndi potaziyamu wopitirira galamu imodzi. Nsawa, zimene chigawo chathu cha Kum'mawa chitchuka nazo, zili ndi pafupifupi theka la pamenepo. Alimonso mu mbatata, maungu, mapeyala, nthochi, malambe, bonongwe, kholowa ndi mnkhwani. Mbale ya mnkhwani wotendera ndi nsinjiro, imene ana ena a m'tauni amaiyesa ndiwo ya amphawi, ndiyo imene mtima ukanaisankha ukadakhala ndi pakamwa. Chofunika ndi kaphikidwe. Potaziyamu amasungunuka m'madzi, monga taonera pa phulusa lija. Tsono mai akawiritsa masamba m'madzi ambiri nakhetsa madziwo pansi, wapatsa nthaka chimene chinali cha ana ake. Madzi akhale ochepa, ndipo msuzi udyedwe. Koma kapenta ndi nsomba zouma za mchere zifuna zosiyana: zibviikidwe kanthawi, ndipo madzi oyambawo atayidwe, pakuti atenga mchere. Ndiwo zotere sizifunanso mchere wina pamwamba.

Ena adzati ndiwo zochepa mchere ndi zozizira m'kamwa. Zoonadi, sabata yoyamba zimatero. Koma lilime limaphunzira. Banja likamachepetsa pang'onopang'ono, patapita masabata angapo ndiwo zakale zija ndizo zimamveka zowawa mchere. Phwetekere, anyezi, tsabola, adyo, mandimu ndi nsinjiro zimadzutsa ndiwo popanda sodiyamu. Ndipo chizolowezi chija choika mchere pambali pa mbale, munthu nathira asanalawe n'komwe, ndicho choyamba kuleka.

Ana inu, mukafika kunyumba musakaime pakhomo pa khichini ndi kuyamba kuweruza amai anu. Si mwambo wathu, ndiponso sadzakumverani. Khalani pansi, muwathandize kusadzula masamba, ndipo munene kuti, "Amai, lero kusukulu taphunzira za mchere, kodi mungandilole ndiwerenge masiku amene paketi yathu imakhala?" Kwa atate, amalume ndi agogo, pempho lanu likhale lakuti akapimitse magazi. Kupimako sikupweteka ndipo sikutenga nthawi, ndipo kumachitika pa kiliniki ya kwanu monganso pa Chipata Central, pa Mwami ndi pa St Francis ku Katete. Amene anapatsidwa kale mapiritsi asaleke kumwa chifukwa chakuti achepetsa mchere kapena akumva bwino m'thupi.

Aphunzitsi, nayi nchito ya m'kalasi. Choyamba, tchezani chidulo cha zitsononkho pamaso pa ana, muike chochepa m'mbale ya chitsulo pa dzuwa kapena pa moto wofatsa, ndipo madzi akaphwa anawo aone zoyera zotsalira pansi. Asazilawe, ndipo asambe m'manja. Chachiwiri ndi masamu a Giredi 6 ndi 7. Banja la anthu 6, aliyense akadya magalamu 5, limatha magalamu 30 pa tsiku, ndipo paketi ya magalamu 500 iyenera kukhala masiku 16 ndi kupitirira pang'ono. Popeza ana afunika mchere wochepa kuposa akulu, ndiponso mchere wina ubwera kale m'buledi ndi m'kapenta, paketiyo iyenera kufika masabata atatu kapena kuposa. Mwana aliyense alembe tsiku limene paketi yatsegulidwa kwao, tsiku limene yatha, ndi chiwerengero cha anthu odya pa nyumbapo, kuchotsapo mchere umene wapita ku ziweto kapena koumitsira nyama. Mayankho abwere nao pa phunziro la mwezi wamawa, ndipo muwalembe pa bolodi popanda maina a mabanja.